Zinthu 12 zodabwitsa za Wi-Fi pa kompyuta ya Linux

Munthu akangoika Linux pa laputopu koyamba, maso ake amathamangira pakona ya sikirini kukafuna kachizindikiro ka Wi-Fi. Kakaoneka, mtima umakhala m'malo. Kakasowa, ambiri amagamula pomwepo kuti Linux ndi yosalongosoka, n'kubwerera ku Windows. Kugamula kotereku n'kothamangira. Masiku ano makhadi ambiri a Wi-Fi amayamba ntchito pa Linux munthu asanakhudze kalikonse, ndipo akakana, gwero lake kawirikawiri limakhala chinsinsi cha kampani, lamulo la dziko, kapena batani limene mwiniwake sanalione. Mfundo zili m'munsizi zikusonyeza kumene mavutowa amachokera, komanso anthu amene anagwira ntchito zaka zambiri kuti achepe.

1. Dzina la pa bokosi silikuuzani chimene mwagula

Makampani amene mayina awo timawaona m'mashopu, monga TP-Link, D-Link ndi Netgear, nthawi zambiri sapanga okha kachipangizo kotumiza ndi kulandira mafunde. Amagula chip kwa Realtek, MediaTek, Broadcom kapena Qualcomm Atheros, n'kuiveka pulasitiki ndi dzina lawo. Linux imalankhula ndi chip imeneyo kudzera mu pulogalamu yotchedwa driver, imene ntchito yake ili ngati ya womasulira pa msonkhano: ngati womasulirayo sadziwa chilankhulo cha mlendo, msonkhano suchitika. Choncho funso lofunika ndi lakuti mkatimo muli chip yanji.

Chitsanzo chotchuka ndi dongle ya TP-Link yotchedwa TL-WN722N. Yoyamba kutuluka inali ndi chip ya Atheros AR9271, imene Linux imaidziwa bwino kwambiri, moti anthu ankalangizana kuti agule imeneyi. Kenako kampani inatulutsa yachiwiri ndi yachitatu zokhala ndi chip ya Realtek RTL8188EUS, dzina ndi maonekedwe zili zomwezo. Kusiyana kwake kunali pa timalemba ting'onoting'ono ta pa chomata, tosonyeza ngati ndi 1, 2 kapena 3. Anthu ochuluka anagula akukhulupirira dzina, n'kukapeza kunyumba kuti atenga chinthu china.

2. Chipangizo chilichonse chili ndi nambala imene sichingabise

Mukalemba lspci -nn pa terminal, kompyuta imandandalika zipangizo za mkati mwake. Mukalemba lsusb, imandandalika zolumikizidwa pa USB. Pa mzere uliwonse pamakhala manambala awiri olekanitsidwa ndi timadontho tiwiri: yoyamba ndi ya kampani, yachiwiri ndi ya chipangizocho. Pa makhadi a mkati, 14e4 ndi Broadcom, 168c ndi Atheros, 10ec ndi Realtek, ndipo ya Intel ndi 8086, yofanana ndi dzina la purosesa yake yotchuka ya mu 1978. Kernel, amene ndi mtima wa Linux, kawirikawiri imasankha driver poyang'ana manambala amenewa. N'chifukwa chake nthawi zina dongle yatsopano imakana pamene driver yake ilipo kale: chimene chikusowa ndi mzere umodzi wokha wa nambala yake pa mndandanda wa driver.

3. Khadi la Wi-Fi lili ndi kakompyuta kake, ndipo kamadzuka kalibe kanthu m'mutu

Makhadi ambiri ali ndi purosesa yawoyawo mkati, imene imafuna pulogalamu yake yotchedwa firmware. Pofuna kuchepetsa mtengo, opanga sasunga pulogalamuyi pa khadipo. Nthawi iliyonse mukayatsa kompyuta, driver imapita mu foda ya /lib/firmware, kutenga fayilo yoyenera, n'kuitsanulira m'khadi. Mukazimitsa, khadi limaiwala zonse. Fayiloyo ikasowa, driver imakhalapo ndithu, khadi limaoneka pa lspci, koma palibe netiweki ngakhale imodzi imene imatuluka. Lamulo la dmesg limaulula nkhani yonse: pamakhala mzere wonena kuti firmware yakuti yalephera kulowa, ndi dzina lenileni la fayilo imene ikufunika.

Apa ndi pamene pagona mkangano waukulu. Driver ikhoza kukhala yotseguka, aliyense n'kuiwerenga ndi kuikonza, pamene firmware ili yotsekedwa, palibe woona za mkati mwake kupatula kampani. Choncho ngakhale pa kompyuta imene mwini wake amanyadira kuti zonse n'zaufulu, kawirikawiri mumakhala kachigawo kamodzi kamene palibe angakafufuze.

4. Kwa zaka zambiri, kuti upeze intaneti unkafunika kukhala ndi intaneti

Debian, amene ndi kholo la Ubuntu ndi mitundu ina yambiri ya Linux, anakhala nthawi yaitali osaika firmware yotsekedwa pa chimbale chake chovomerezeka, chifukwa cha lonjezo lake lopereka mapulogalamu aufulu okhaokha. Zotsatira zake zinali zowawa kwa munthu wokhala ndi laputopu yopanda polowetsa kebulo ya netiweki: amayamba kuika Debian, n'kuuzidwa kuti fayilo yakuti ikusowa, pamene njira yokhayo yoipezera ndi Wi-Fi yomwe sikugwirayo. Mamembala a Debian anavota pa nkhaniyi mu 2022, mpaka anasintha mawu a pangano lawo, ndipo kuyambira pa Debian 12 ya mu Juni 2023 firmware imabwera pa chimbale chomwecho.

Vutoli likakugwerani lero, njira yachidule ili m'thumba mwanu. Lumikizani foni ya Android ndi kebulo ya USB, yatsani zogawana intaneti kudzera pa USB, ndipo Linux idzaiona foniyo ngati kebulo ya netiweki popanda kufuna driver yapadera. Bandulo yochepa imakwana kukokera fayilo yosowayo.

5. Panali nthawi imene Linux inkabwereka ma driver a Windows

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, makampani ambiri ankalemba ma driver a Windows okha. Mu 2003 Pontus Fuchs anayambitsa NDISwrapper, imene Giridhar Pemmasani anadzaipititsa patsogolo. Nzeru yake inali yolimba mtima: kumanga mkati mwa kernel ya Linux kachigawo kodzionetsa ngati Windows, kuti driver ya Windows iganize kuti ili kwawo. Munthu ankatenga CD yobwera ndi khadi, kusakamo mafayilo awiri, ya .inf ndi ya .sys, n'kuwapereka kwa NDISwrapper, khadi n'kuyamba kuona netiweki. Ku FreeBSD, Bill Paul anapanga zofananazo pa ntchito imene anaitcha Project Evil.

Njirayi inapulumutsa anthu ambiri, koma inali ndi mtengo wake. Driver yachilendoyo inkalowa pakati penipeni pa kernel, ndipo ikalakwitsa kompyuta yonse inkauma. Kernel inkadzilemba chizindikiro choti yaloweredwa ndi code yosadziwika, ndipo akatswiri ankakana kufufuza vuto la kompyuta yotere, poti sakanatha kuona chimene driver ija ikuchita. NDISwrapper inkagwira bwino ndi ma driver a nthawi ya Windows XP. Microsoft itasintha kalembedwe ka ma driver pa Windows Vista, njirayi inayamba kutha mphamvu.

6. Router imodzi yabuluu inatsegula khomo lalikulu

Kumapeto kwa 2002 Linksys inayamba kugulitsa router yotchedwa WRT54G. Mu 2003 anthu ena ataifufuza anapeza kuti mkati mwake mukuyenda Linux, pamene kampani sinapereke code yake. Laisensi ya Linux, yotchedwa GPL, imalola aliyense kuigwiritsa ntchito ngakhale pa malonda, koma wogulitsa ayenera kupereka code kwa ogula. Cisco, imene inagula Linksys chaka chomwecho, inapanikizidwa mpaka code inatulutsidwa. Pa code imeneyi panaphuka OpenWrt mu 2004, imene lero imayenda pa ma router a mitundu yambirimbiri. Linksys itasiya Linux pa ma WRT54G atsopano, anthu ofuna kuikamo mapulogalamu awo anali ochuluka ndithu, moti mu 2005 kampaniyo inawatulutsira ina yapadera, WRT54GL. Komabe chigawo chimodzi chinatsala chotsekedwa: driver ya chip ya Broadcom yoyendetsa Wi-Fi.

7. Driver ya Broadcom inalembedwa ndi magulu awiri amene anagawana ntchito mwadala

Chip za Broadcom zinali m'malaputopu ochuluka a Dell ndi HP, komanso m'makhadi a AirPort Extreme a Apple. Eni makompyuta a Apple a nthawiyo analibe ngakhale pothawira pa NDISwrapper, chifukwa purosesa yawo ya PowerPC sinkatha kuyendetsa ma driver a Windows. Broadcom sinapereke mabuku ofotokoza chip zake, choncho anthu ongodzipereka anaganiza zodzipezera okha.

Kuti asadzaimbidwe mlandu wokopera, anadzigawa pawiri. Gulu loyamba linaphwasula driver yotsekedwa ya m'ma router aja, malangizo amodziamodzi, n'kulemba m'mawu wamba chimene chip imachita: ukalemba nambala yakuti pamalo akuti, wailesi imayaka. Gulu lachiwiri silinaloledwe kuona driver ya Broadcom ngakhale pang'ono. Linkangowerenga zolemba za anzawowo n'kulemba driver yatsopano kuyambira pachiyambi. Ntchito yawo inalowa mu kernel mu 2006 ndi dzina lakuti bcm43xx, ndipo kenako inalowedwa m'malo ndi b43.

Panatsala nkhani ya firmware, imene laisensi ya Broadcom sinkalola kuti anthu ena aziigawa. Yankho linali kapulogalamu kotchedwa b43-fwcutter, kamene kamatenga driver ya Broadcom yomwe, kufufuza pamene firmware yabisala, n'kuidulamo. Mpaka lero, pa Debian ndi Ubuntu, phukusi la firmware-b43-installer limachita zomwezo. Broadcom inadzatulutsa driver yake yotseguka mu Sepitembala 2010, ya chip zina zatsopano zokha.

8. Khadi limamvera malamulo a dziko limene likuganiza kuti lilimo

Mafunde a wailesi ndi chuma cha dziko, ndipo dziko lililonse lili ndi bungwe lowayang'anira: FCC ku America, MACRA ku Malawi, ZICTA ku Zambia. Pa 2.4 GHz, zipangizo za msika wa America zimagwiritsa ntchito matchanelo 1 mpaka 11, ku Ulaya ndi maiko ena ambiri amafika 13, ndipo tchanelo 14 ndi ya ku Japan kokha. Ndiye laputopu yakaunjika yochokera ku America ikhoza kuona ma netiweki onse a anthu oyandikana nawo, n'kulephera kuona router ya m'nyumba momwemo, chabe chifukwa routeryo yakhala pa tchanelo 13. Kuisamutsira pa 1, 6 kapena 11 kumathetsa nkhani.

Linux imasunga malamulo a maiko mu fayilo yotchedwa regulatory.db, yosainidwa mwa njira ya kompyuta kuti isasinthidwe mwachisawawa. Lamulo la iw reg get limasonyeza dziko limene kompyuta ikutsatira. Likaonetsa 00, ndiye kuti sikudziwa kumene ili, ndipo yasankha malire okhwima oti sangaphwanye lamulo kulikonse.

Pa 5 GHz pali chodabwitsa china. Matchanelo ena amagawana malo ndi makina a radar, kuphatikizapo oona zanyengo. Router isanalankhule pa tchanelo yotere iyenera kumvetsera kwa masekondi 60, ndipo ku Ulaya, pa matchanelo a radar ya zanyengo, imadikira mphindi 10. Ikamva radar ili mkati mogwira ntchito, imasamuka. Munthu amaona ngati Wi-Fi yaduka popanda chifukwa, pamene chipangizo chikungosunga lamulo.

9. Kampani imene inkabisa kwambiri inadzakhala chitsanzo cha kutsegula

Malamulo omwewa ndi amene makampani ankatchula pokana kutsegula ma driver awo: ankati munthu akaona code akhoza kukweza mphamvu ya wailesi kupyola malire. Driver yakale ya chip za Atheros, MadWifi, imene Sam Leffler analemba, inali ndi chigawo chapakati chotsekedwa pa chifukwa chimenechi, ndipo sinaloledwe kulowa mu kernel. Reyk Floeter wa ku OpenBSD anafufuza yekha mmene chip zija zimagwirira ntchito n'kulemba chigawo chotseguka, chimene a Linux anamangirapo driver ya ath5k. Mu 2008 Atheros inasintha maganizo: inalemba ntchito Luis Rodriguez ndi Jouni Malinen, akatswiri odziwika kale pa Wi-Fi ya Linux, n'kutulutsa ath9k yotseguka yonse. Makhadi a mkati oyenda ndi ath9k safuna firmware n'komwe. Mu 2013, kampaniyo ili kale m'manja mwa Qualcomm, firmware ya AR9271 nayo inatsegulidwa. Ichi ndi chifukwa chake chip yakale imeneyi ikufunidwabe ndi anthu ofuna chipangizo chimene angachiwerenge kuyambira pamwamba mpaka pansi.

10. Nthawi zina laputopu yomweyo ndi imene ikutsekereza

Lamulo la rfkill list limaonetsa mizere iwiri pansi pa khadi lililonse. Wina umanena ngati pulogalamu yatseka wailesi, ndipo loko wotere amatseguka ndi rfkill unblock all. Winawo umanena ngati yatsekedwa ndi chipangizo chenicheni: kaswitchi ka m'mbali mwa laputopu, batani la Fn, kapena zosankha za mu BIOS. Loko wachiwiriyu palibe lamulo lolemba limene lingamutsegule. Anthu akhala akufufuta ndi kuikanso Linux yonse chifukwa cha kaswitchi kamene kanasuntha m'chikwama. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Palinso zovuta kuposa apa. Pa malaputopu ena a Lenovo opanda switchi iliyonse, kachigawo ka kernel kotchedwa ideapad_laptop kankanena kuti switchi yazimitsidwa, mpaka akatswiri anachita kulemba mndandanda wa malaputopu oti asamawakhulupirire pa nkhaniyi. Ndipo amene akuganiza zongosintha khadi lovuta n'kuikapo lina adziwe kuti ma ThinkPad ambiri akale ndi malaputopu ena a HP ali ndi mndandanda wa makhadi ololedwa mu BIOS. Pa ThinkPad, khadi lachilendo limabweretsa uthenga wa nambala 1802, kompyuta n'kukana kuyaka mpaka litachotsedwa.

11. Ma dongle ena amayamba adzionetsa ngati CD, ndipo ena amafa kernel ikasintha

Amene anagwiritsapo ntchito ma dongle a intaneti a Huawei akukumbukira kuti ukangolowetsa pa Windows, pankatseguka pulogalamu yoti uike. Ma dongle ena a Wi-Fi amachita chimodzimodzi: amayamba ngati CD yokhala ndi driver ya Windows, ndipo amasanduka khadi la Wi-Fi akalandira chizindikiro chapadera. Pa ena a Realtek, lsusb imaonetsa 0bda:1a2b, imene ndi nambala ya CD yabodzayo. Pulogalamu ya usb_modeswitch imatumiza chizindikirocho, dongle n'kuzimirira kamphindi, n'kubweranso ndi nambala ina.

Vuto lachiwiri limagwera amene driver yawo sili mu kernel, yochita kukoka kwina n'kuimanga okha. Driver yotere imamangidwira kernel imodzi yokha, ndiye kompyuta ikalandira kernel yatsopano, m'mawa mwake Wi-Fi palibe. Dell inapanga DKMS mu 2003 kuti izimanganso ma driver otere yokha. Koma ngati Secure Boot ili yoyaka, kernel imakana driver yosasainidwa ngakhale yamangidwa bwino, mpaka mwini kompyuta atalembetsa kiyi wake pa sikirini yabuluu imene imabwera poyatsa. Mankhwala okhalitsa ndi akuti driver ilowe mu kernel yeniyeni, monga zinachitikira ma dongle angapo a Realtek pa kernel 6.2 mu 2023.

12. Ntchito imene mabiliyoni amadalira yakhala m'manja mwa anthu owerengeka

Mukalemba pasiwedi ya Wi-Fi, driver si imene imakambirana ndi router. Ntchito imeneyi ndi ya pulogalamu ina, wpa_supplicant, imene Jouni Malinen uja analemba ndipo wakhala akuisamalira zaka zoposa 20. Pulogalamu yomweyi ili m'mafoni a Android. Kukula kwa udindowu kunaoneka mu Okutobala 2017, pamene Mathy Vanhoef wa pa yunivesite ya KU Leuven ku Belgium anaulula chibowo cha WPA2 chotchedwa KRACK. Chibowocho chinakhudza pafupifupi aliyense, koma Linux ndi Android 6.0 zinavulala kwambiri, chifukwa wpa_supplicant inkatha kupusitsidwa n'kuyamba kugwiritsa ntchito kiyi wa maziro okhaokha. Chigamba chake chinapezeka nthawi yomweyo, ngakhale mafoni ambiri anachedwa kuchilandira kuchokera kwa opanga.

Munthu wina woyenera kumudziwa ndi Larry Finger. Iyeyu anali wasayansi wofufuza kapangidwe ka miyala pa Geophysical Laboratory ya Carnegie Institution ku Washington, ndipo pali mwala wotchedwa fingerite, wopezeka pa phiri lophulika la Izalco ku El Salvador, umene unapatsidwa dzina lake. Atapuma pa ntchito anayamba kukonza ma driver a Wi-Fi, poyamba a Broadcom, kenako a Realtek. Ankatenga code yosokonekera yochokera ku kampani, kuiyeretsa, kuisunga kuti izigwirizana ndi kernel iliyonse yatsopano, komanso kuyankha moleza mtima anthu osawadziwa amene dongle yawo yakana. Zokonza zake zimene zinalowa mu kernel zimaposa 1,400. Anamwalira mu Juni 2024 ali ndi zaka 84, akugwirabe ntchitoyi.

Zonsezi zikutisiyira zochita zooneka. Musanagule laputopu, iyatseni ndi Linux ya pa flash kuti muone ngati Wi-Fi ikugwira. Musanagule dongle, fufuzani chip yake, ndipo sankhani imene driver yake ili kale mu kernel, monga zambiri za MediaTek ndi Atheros. Khadi likakana, yambani ndi lspci, lsusb, rfkill ndi dmesg musanafufute kalikonse. Mukapeza vuto lenileni, lilembeni bwinobwino ndi manambala ake n'kulitumiza kwa osamalira Linux imene mukugwiritsa ntchito. Malipoti otere ndi amene akhala akusandutsa khadi lovuta la chaka chino kukhala khadi longogwira lokha chaka chamawa, ndipo ndalama zanu zikapita kwa kampani yotsegula code yake, mumathandiza kuti makampani enanso aone phindu lochita chimodzimodzi.